Thabwa la m'Buku, Chikoti cha pa Mishoni

Lachinayi lapitali mnzathu wina anatiwerengera nthano yake ya achifwamba a panyanja, ndipo nonse munaomba m'manja mpaka zikhato kuwawa. Inenso ndinaomba nawo, ndisaname. Nthanoyo inali ndi zonse zimene mwana wa sukulu amayembekeza: mbendera yakuda ya chibade ndi mafupa awiri, kaputeni wa diso limodzi, chinkhwe paphewa, ndi munthu womangidwa manja kumbuyo akuyenda pa thabwa kunka kumene kukudikira shaki. Chichewa chake chinali chokoma, ndipo pa chimenecho ndilibe naye mlandu. Mlandu wanga uli pa mawu amene anatuluka pokambirana, pamene mmodzi mwa akuluakulu athu, munthu wowerenga mabuku ambiri kuposa ine, anati tizithokoza Mulungu kuti Malawi alibe nyanja yamchere, pakuti nkhanza zoterezi ife sitidazionepo, n'za kutali ku Caribbean. Chipinda chonse chinagwedeza mitu. Ine ndinakhala duu chifukwa tiyi anali atafika, ndipo ndakhala ndikudzida sabata yonse. Tsono ndalemba.

Tiyambe ndi thabwa lomwelo. Thabwa lija n'la m'mabuku a ana ndi m'makanema. M'milandu ya achifwamba a zaka za pakati pa 1690 ndi 1730, nthawi imene ntchito imeneyi idafika pachimake, silipezeka kwenikweni. Munthu wofuna kukuponya m'madzi sataya nthawi kukhoma thabwa, amangokunyamula. Zimene ankachita anthu amenewa zinali zonyansa kuposa apo, ndipo sankazichita chifukwa cha misala ayi. Zinali ndi ntchito ziwiri: kuti wogwidwa aulule kumene wabisa chuma, ndi kuti mbiri iwande m'madoko monse, chombo chotsatira chidzagonje popanda kuomba mfuti. Alexandre Exquemelin, amene adayenda nawo akuwamanga mabala, natulutsa buku lake m'chaka cha 1678, adafotokoza za chingwe cha mfundomfundo chimene ankachikulunga pamphumi pa munthu, n'kupisamo kamtengo, n'kumapotokola pang'onopang'ono mpaka maso atong'oka. Ena ankawapanitsa zingwe zoyaka moto pakati pa zala. Ena ankawathamangitsa mozungulira mlongoti wa chombo, aliyense wa m'gululo akuwabaya ndi mpeni kapena foloko, mpaka agwe. Mnzawo akawalakwira ankamusiya pa kachilumba ka mchenga wokhawokha ndi botolo la madzi ndi mfuti, iye yekha aone chochita nayo. Za Edward Low zidalembedwa mu 1724 kuti kaputeni wina wa Chipwitikizi atataya thumba la golide m'nyanja kuti lisalandidwe, Low adamudula milomo naiwotcha mwini wake akuona.

Zimenezi n'zoona, ndipo sindikuzichepetsa. Koma taonani zimene zidawachitikira eni zingwe zija. Chingwe cha pamphumi ankachigwiritsa ntchito anyamata a Henry Morgan, amene adafunkha Portobelo mu 1668 ndi Panama mu 1671. Kodi Morgan adanyongedwa? Ayi ndithu. Mfumu Charles II idampatsa ulemu wa Sir, nimtumiza kukakhala wachiwiri kwa bwanamkubwa wa Jamaica, kumene adayamba kunyonga achifwamba anzake akale. Lero dzina lake lili pa botolo la mowa limene mungaligule mu Limbe muno, ndipo ena mwa inu mudalilawapo. William Kidd analibe mwayi wotere. Adanyongedwa mu 1701 ku Wapping, m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Chingwe choyamba chidaduka, adamukwezanso, kenaka mtembo wake adaupachika m'zitsulo pamtsinjepo kuti amalinyero onse odutsa aziuona ukuola. Imeneyi siinatchedwe nkhanza. Idatchedwa lamulo. Kumanga munthu ndi chingwe, kumuponya m'madzi, n'kumukokera pansi pa chombo kuti nkhono zomatirira pamenepo zimusende khungu, kumene makanema amati n'kwa achifwamba, chinali chilango cholembedwa m'malamulo a zombo zankhondo za ku Holland. Mkwapulo wa michira isanu ndi inayi unali wa zombo za mfumu ya ku England.

Ndipo munthu wakuda anali pati m'nkhani zonsezi? Pali anzathu ena, makamaka amene angowerenga kumene mabuku a anthu okonda kusintha zinthu, amene amati achifwamba anali omasula akapolo chifukwa m'zombo zawo munali Aafirika. Pepani. Mu January 1722 Bartholomew Roberts atafika pa doko la Whydah ku West Africa, anthu ake adatentha chombo chotchedwa Porcupine chifukwa kaputeni wake adakana kulipira dipo, ndipo m'katimo munali akapolo pafupifupi 80 omangidwa awiriawiri. Amene adathawa moto adagwera m'kamwa mwa shaki. Roberts ataphedwa mwezi wotsatira, Angerezi adanyonga anthu ake 52 ku Cape Coast. Aafirika amene adagwidwa m'zombo zake sadawazenge n'komwe mlandu, adangowagulitsa. Mu 1781 eni chombo cha Zong, anthu a ulemu wawo a ku Liverpool okhala ndi ziphaso zonse, anali ndi amalinyero amene adaponya m'nyanja Aafirika amoyo opitirira 130, ndipo mlandu umene udalowa m'khoti mu 1783 unali wa inshuwaransi, wakuti alipire katundu wotayikayo ndani. Palibe amene adaimbidwa mlandu wakupha. Augustine wa ku Hippo, Mwafirika mnzathu, adasimba kale za wachifwamba amene adagwidwa n'kubwera naye kwa Alexander Wamkulu, namuuza mfumuyo kuti kusiyana kwa awiriwo kunali kukula kwa zombo basi. Nkhani imeneyi timaiphunzitsa m'kalasi ya filosofi n'kumaseka. Sitiibweretsa kunyumba.

Tiyeni tiibweretse. M'chaka cha 1820 dziko la America, ndipo mu 1824 dziko la Britain, adaika m'malamulo awo kuti kunyamula akapolo pamadzi ndi uchifwamba wa panyanja, ndipo chilango chake ndi imfa. Ngati tanthauzo limeneli tilivomereza, ndiye kuti nyanja yathu ya madzi okoma ija, imene timajambulapo zithunzi za alendo, idakhala zaka makumi asanu ili m'manja mwa achifwamba. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo zombo zake zamatanga zinkawolotsa anthu kunka ku Losefa, tsidya lija, kumene ankayamba ulendo wa miyezi wopita ku Kilwa. David Livingstone adalemba chiwerengero chimene adachimva kwa Rigby, kazembe wa Britain ku Zanzibar, chakuti anthu 19,000 ochokera dera la nyanja ino ankadutsa chaka chilichonse pa nyumba ya msonkho ya pachilumbacho. Amenewo ndi amene adafika. Iye mwini, poyenda njira ya ku Ruvuma mu 1866, ankapeza mitembo ya amene sadafike, ena atamangidwa m'khosi ku mtengo n'kusiyidwa pomwepo chifukwa adalephera kuyenda, ndipo mwini wawo sadafune kuti wina adzawatole n'kupindula nawo. Kodi pali kusiyana kotani ndi kachilumba ka mchenga kaja? Uyu sadampatse n'komwe botolo la madzi.

Musati ndathawira kunyanja chifukwa kuno kulibe kanthu. Tulukani m'Blantyre muno ndi msewu wa ku Chikwawa, musanayambe kutsetsereka kunka kuchigwa, mufika dera la kwa Mbame. Pamudzi umenewo, pa 16 July 1861, Livingstone ndi gulu la Bishopu Mackenzie adakumana ndi mdipiti wa anthu 84 akupita nawo ku Tete. Oyendetsa ake anali akuda ngati inu ndi ine, antchito a Apwitikizi, atanyamula mfuti ndi kuimba malipenga, ndipo ataona Azungu adathawira kutchire. Akazi ndi ana anali omangidwa ndi zingwe, zimene zidadulidwa ndi mipeni msangamsanga. Amuna ndiwo adavuta, pakuti aliyense khosi lake linali m'mphanda ya mtengo wolemera wotalika kuposa munthu, ndipo pakhosi padapingasa chitsulo chokhomedwa uku ndi uku, kotero kuti adachita kufuna sowo m'katundu wa bishopu. Omasulidwawo adasimba kuti dzulo lake akazi awiri adawomberedwa chifukwa choyesa kumasula zingwe, mwana wakhanda adaphwanyidwa mutu chifukwa mayi wake sakadatha kunyamula mwana ndi katundu pamodzi, ndipo mwamuna wina wotopa adamalizidwa ndi nkhwangwa. Mtengo wa mphanda uja dzina lake ndi goli. Liwu limeneli timaliimba m'tchalitchi ndi kulimanga pa ng'ombe zangolo, koma lidayamba lakhala pakhosi pa agogo athu. Nanga m'nthano zathu za kuno ku yunivesite lidalowapo kangati? Chinkhwe chalowa. Goli ayi.

Pa Shire panali Paul Mariano, amene anthu adamutcha Matekenya, ndi linga lake ndi mabwato ake ankhondo. Kumayambiriro kwa 1863, nkhondo zogwira anthu zitaphatikizana ndi chilala, mitembo inkayandama pamtsinje yochuluka kotero kuti anthu a pa sitima ya Pioneer ankayamba m'mawa ndi ntchito yochotsa imene yakodwa ku mapiko a sitimayo usiku. Kumpoto kunali Mlozi ndi anzake Kopakopa ndi Msalema. Kumapeto kwa 1887 Ankhonde amene adathawa m'midzi yawo adabisala m'bango la pa thamanda la Kambwe, pafupi ndi Karonga. Anthu a Mlozi adayatsa bangolo. Wothawa moto kunka kumtunda ankakumana ndi mfuti kapena goli, wothawira m'madzi ankakumana ndi ng'ona. Werenganinso za Porcupine zija, muchotse shaki muikepo ng'ona, mundiuze ngati tiyenera kuthokoza kuti madzi athu alibe mchere.

Pano ndiime kaye, chifukwa ndikudziwa kumene maganizo a ena akulowera. Buku la ku pulaimale lidatiphunzitsa kuti ukapolo adabwera nawo Aluya, ndipo ena amaonjezapo Ayao, kenaka amatembenuka kuyang'ana mnzawo wa ku Mangochi wokhala naye benchi limodzi. Kumeneko n'kusamba m'manja ndi madzi a mnzako. Jumbe sankayenda yekha m'midzi kugwira anthu. Ankagula, ndipo wogulitsa analipo: mfumu ya Chichewa yofuna nsalu ndi wonga, mfumu ya Chimang'anja yofuna kuchotsa mwana wamasiye kapena munthu amene wagwa pa mwabvi, Achikunda, Angoni obwera ndi mikoli ya kunkhondo, Ayao amene nawonso ambiri a iwo adavala goli. Wogula wotsiriza anali mwini munda wa zonunkhira ku Zanzibar ndi ku Pemba, mwini munda wa nzimbe pa zilumba za Afalansa, ndi mayi wa ku Ulaya woimba piyano ya minyanga ya njovu imene idafika kugombe pamutu pa kapolo. Anyani sasekana zikundu. Ngakhale Mandala wathu yemweyu, African Lakes Company, amene nyumba yake ya 1882 ikadali chiimire pakati pa mzinda uno, asanayambe kumenyana ndi Mlozi ankagula minyanga kwa amalonda a Chiswahili omwewo pa sitolo yake ya ku Karonga.

Tsono tifike pa chimene chandilembetsa, chimene chili pamphuno pathu penipeni. Mzinda uno udabadwa pa 23 October 1876, pamene mishoni ya Church of Scotland idakhazikika pamalo amene Henry Henderson ndi Tom Bokwito adasankha. Idabwera kudzathetsa malonda a anthu ndi kudzaonetsa njira ina. Akuluakulu ake ku Scotland adauza anthu amene adawatuma kuti pamalo pawo akhalenso ngati oweruza milandu, ndipo ambiri mwa anthuwo sanali abusa koma amisiri: wamatabwa, wamaluwa, wosula. Pasanathe zaka zitatu pa mishoni panali ndende ndi mtengo womangirapo anthu pokwapula. Mu February 1879 munthu wina dzina lake Manga, amene ankamuganizira kuti adapha mkazi, adaweruzidwa pa mishoni pomwepo naphedwa ndi gulu la owombera. Zipolopolo zoyamba sizidamuphe, adachita kumumaliza. Mwezi wotsatira mtengatenga wina, amene ankati waba bokosi la tiyi, adakwapulidwa zikoti zopitirira 200, ndipo adamwalira. Bokosi la tiyi, anzanga! Edward Low adadula milomo chifukwa cha thumba la golide, ndipo timamutcha chilombo. Uyu adafera masamba a tiyi, pamalo pamene m'mawa mwake padalira belu la mapemphero. Wina adakwapulidwa kwambiri chifukwa cha mikanda imene pambuyo pake zidadziwika kuti sadabe.

Ndipo chikoticho chinali ndi ntchito ziwiri zomwe zija za chingwe cha Morgan: wogwidwa aulule kumene kuli katundu, ndipo midzi yonse ya kwa Kapeni imve kuti katundu wa Mzungu sakhudzidwa.

Zinthuzi sadaziulule Mmang'anja kapena Myao, pakuti mawu a amenewo sakadafika ku Edinburgh. Adaziulula mlendo wa ku Australia, Andrew Chirnside, amene adadutsa kuno nakasindikiza kabuku ku London mu 1880. Nkhani idafika m'nyumba ya malamulo ya Britain. Mpingo udatumiza James Rankin ndi Alexander Pringle kudzafufuza, ndipo mu 1881 mbusa Duff MacDonald, John Buchanan ndi George Fenwick adachotsedwa ntchito. Chilango chonse chidathera pomwepo, palibe amene adaimirira pamaso pa woweruza. MacDonald adabwerera kwawo nalemba buku lake la Africana, limene mpaka lero timalitchula ndi ulemu m'mapepala athu a mbiri ndi chikhalidwe. Fenwick yekha ndiye adakumana ndi chilungamo cha mtundu wina: mu 1884 adawombera mfumu Chipatula ya Amakololo atakangana pa mowa ndi malonda, ndipo anthu a Chipatula adamupha.

Koma wondisowetsa tulo ndi Buchanan. Munthu wochotsedwa ntchito chifukwa cha nkhanza adakhala mlimi wa khofi ku Zomba, iye ndi abale ake adamanga nyumba ya kazembe imene tikuidziwa kuti Masongola, kenaka adagwirizira udindo wa kazembe wa Britain, ndipo mu 1889 ndi iye amene adalengeza kuti dera lino la mapiri a Shire lili pansi pa chitetezo cha Mfumukazi. Adalandira ndi mendulo yomwe. Ameneyu ndiye Henry Morgan wathu, kungoti dzina lake silili pa botolo. Tsono imvani izi. Ali kazembe chomwecho adapita kwa Makanjira, mfumu ya zombo zonyamula akapolo kum'mawa kwa nyanja, pamodzi ndi mbusa W. P. Johnson wa U.M.C.A., ndipo anthu a Makanjira adawagwira, nawavula, namukwapula Buchanan. Chikoti chimenechi chidalowa m'mabuku onse a atsamunda monga chipongwe chosaiwalika, ndipo chinali chimodzi mwa zifukwa zimene Harry Johnston adatenthera mudzi wa Makanjira mu 1891. Msana wa Buchanan udabwezeredwa ndi mizinga. Msana wa mtengatenga uja, amene ngakhale dzina lake silimveka m'kalasi iliyonse ya mbiri, udabwezeredwa ndi kalata yochotsa anthu atatu ntchito.

Ndi Johnston yemweyo amene adanyonga Mlozi mu December 1895, mafumu a Ankhonde atamuweruza, ndipo ine sindimulira Mlozi ngakhale pang'ono. Koma ndi Johnston yemweyonso amene mu 1889 adapangana ndi Jumbe wa ku Nkhotakota namuika pa malipiro a chaka ndi chaka. Wina chingwe, wina ndalama, pamene zombo za onse awiri zidanyamula katundu mmodzimodzi. Wina adavomera mbendera, wina adaikana. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Ndikudziwa zimene mundiyankhe, aphunzitsi anga, pakuti ena mwa inu ndinu akulu a mpingo. Mudzati mishoni yomweyo idatipatsa sukulu, chipatala ndi makina osindikizira; kuti David Clement Scott amene adabwera mu 1881 adakonza zinthu, nakhulupirira Aafirika, namanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891 ndi manja a anthu akuno, nalemba dikishonale ya Chimang'anja imene tonse timakumbamo mawu. Zonsezo ndikuvomera. Inenso a, e, i, o, u ndidaphunzira pa sukulu ya mishoni, ndipo sindikuti tigwetse njerwa ndi imodzi yomwe. Ndivomeranso kuti mpingo udafufuza anthu ake omwe, chimene Jumbe sadachitepo. Funso langa n'lakuti chifukwa chiyani mwana wa ku Ndirande amadziwa dzina la Jack Sparrow, munthu amene sadakhaleko n'komwe, koma sadziwa dzina la Manga, amene adafera mtunda woyenda pansi kuchokera pakhomo pake. Amene adatilembera mbiri adatisankhira nkhanza zoti tizinyansidwa nazo ndi nkhanza zoti tizizitcha zolakwika zazing'ono za anthu a zolinga zabwino. Ife tidalandira mndandandawo osaufunsa, ndipo tsopano tikuuphunzitsa ndi ife eni, Mzungu adapita kalekale.

Wina adzati zakale zisiyeni. Ndikadazisiya zikadakhala kuti zidatisiya. Chikoti cha mvuu chidachoka pa mishoni n'kupita m'minda ya thangata ya ku Chiradzulu ndi ku Thyolo, ndipo mbendera itasintha mu 1964 sichidatayidwe, chidangosintha dzanja. Mu May 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adatengedwa kupita nawo ku Thambani, ku Mwanza, naphedwa ndi apolisi pomenyedwa m'mutu, mitembo yawo n'kuikidwa m'galimoto kuti dziko liuzidwe kuti inali ngozi ya pamsewu. Bungwe lofufuza limene lidakhazikitsidwa mu 1994 ndilo lidatsimikiza zimene aliyense ankanong'ona. Malamulo aakulu a dziko a 1994, m'gawo 19, amaletsa kuzunza munthu mwa njira ina iliyonse. Komabe mu February 2019 Buleya Lule, amene ankamuganizira pa mlandu wa kusowa kwa mnyamata wachialubino ku Dedza, adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission lidapeza kuti adazunzidwa. Ambiri a ife titamva tidati mlandu wake unali woopsa, monga mmene anthu a pa mishoni adanenera za Manga. Wozunza aliyense m'mbiri yonse ya dziko lapansi anali ndi chifukwa chomveka kwa anzake.

Ndanena za mafumu, za abusa ndi za boma, ndipo kutero n'kosavuta, pakuti ambiri a iwo adafa. Chovuta ndi ichi. Mwezi wathawu, Loweruka masana, ndinali pa siteji ya minibasi mu Limbe, kumunsi kwa msika, nditanyamula jumbo la tomato ndi usipa. Kunamveka mfuu yakuti wakuba, wakuba, ndipo posakhalitsa anamugwira. Anali mnyamata wa zaka ngati za ophunzira athu a chaka choyamba, atavala malaya a timu ya mpira ndi patapata mmodzi, winayo atatayika pothawa. Ati anaba foni. Anamugwetsa pansi pafupi ndi ngalande, namuvula malaya, ndipo bambo wina wa tayi, wooneka ngati wochokera ku ofesi, anavula lamba wake. Ena anatola miyala, wina anazula thabwa pa benchi la wogulitsa kaunjika. Inde, thabwa, ndinalionadi tsiku limenelo, koma silinali loyendapo. Funso linali limodzi, lobwerezabwereza pa chikoti chilichonse: foni ili kuti, wapatsa ndani? Mnyamatayo ankangoti sindinabe achimwene, sindinabe bambo, kenaka anasiya kuyankha n'kumangoitana amayi ake. Mayi wina wogulitsa nthochi anakuwa kuti mwana wa mwini ameneyo, mupha, koma anamuuza kuti ngati ndi wanu mutengeni mugone naye pomwepo. Wina anati kabweretseni tayala ndi petulo kuti anzake onse a mu Limbe amve. Mafoni anali m'mwamba ngati makumi awiri, onse akujambula, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inali yobedwayo.

Ine, amene ndawerenga Exquemelin ndi Augustine, amene ndikudziwa mwezi umene Manga adaphedwa, ndinaima pamenepo nditagwira jumbo langa. Ndinaganiza zolankhula, ndinayang'ana mayi wa nthochi uja mmene anamukankhira, ndinayang'ana magalasi anga amene ndinagula modula, ndipo kondakitala atakuwa kuti Bangwe mmodzi, Bangwe mmodzi, mmodziyo ndinali ine. Tisanafike n'komwe pa njanji, mnyamata wokhala kutsogolo kwanga anali atayamba kuonetsa anzake kanema amene anajambula, ndipo foniyo inayenda mpando ndi mpando, anthu akuseka ndi kuyamikira mmene bambo wa tayi uja ankaponyera lamba. Itafika kwa ine ndinailandira, ndinaonera mpaka kumapeto, ndipo ndinapatsira amene anali kumbuyo kwanga.